Mtanda Wofiira Pakhomo la ba Tcheyamani

Aulutsi a pa wailesi, musavutike kufunafuna wolakwa. Ndine ndinayambitsa zonsezi, ndipo sindipepesa.

Kwathu kuno ku Chongwe kunali komboni yakale yozungulira nyumba yofululiramo mowa, momwe agogo anga anagwira ntchito mpaka msana kupindika. Ba tcheyamani a komboni yathu analumbira kuti adzateteza malowo, koma anawagulitsa mwakachetechete kwa odula mapuloti. Odulawo analemba mitanda yofiira pa nyumba zoti zigwetsedwe, ndi yathu yomwe. Amayi sanadye masiku awiri.

Lamlungu, anthu ali kutchalitchi, ndinabwereka penti n'kulemba mtanda waukulu pakhomo la ba tcheyamani. Atabwerako, akazi awo anayamba kutulutsa mipando akulira. "Imwe atate ake, si munakamba kuti yathu siizagwa, ni za anzathu chabe?" Komboni yonse inamva.

Komabe katapila, chigalimoto chogumulira nyumba, anabwera. Lero pofululira mowa paja pangotsala mulu wa njerwa, ife tikupanikizana m'chipinda chimodzi cha lendi.

Lamlungu lomwe lija, penti wotsalira m'zikhadabo ndiye anandigwiritsa. Atate anandikwapula zikoti zisanu pamaso pa ba tcheyamani, koma dzanja lawo linali lofewa. Ndinalira mokweza kuti mkuluyo akhutire, kenako ndinapita kukasewera mpira.