Buluku Loyera la Apongozi Anga

Kalekale, magalimoto a ku mgodi wa Kayelekera asanayambe kutithira fumbi m'misewumu, ine ndinali mnyamata wopala matabwa ku Mwenilondo, ndipo lero ndilankhula Chichewa kuti nawe Yusufu wa ku Mangochi umve. Zimitsani kaye makinawo! Mumandiseka kuti mdalayu salola mpando kutuluka m'shedi muno asanaupukute ndi nsalu yoyera. Tamverani tsono.

Masiku amenewo vanishi wa m'chitini tinkangomumvera kutauni. Ife tinkaswa botolo, n'kupala thabwa ndi galasilo mpaka tizipalo tizigwa topyapyala ngati khungu la anyezi, kenaka tinkakwecha ndi masamba okhakhala a mkuyu, ndipo pomaliza tinkasungunula phula la njuchi n'kulitikita ndi chikhatho mpaka dzanja kutentha. Inu lero mumangopopera fuu, mwatha, koma ife mpando tinkachita kuunyengerera.

Ndiye mtima wanga unagwa pa Tupokiwe wa ku Iponga. Eee, mtsikana ameneyo! Koma bambo ake anali munthu wa ng'ombe, wosaseka wamba, ndipo anati mwana wawo sangapite kwa munthu wodya utuchi. Ng'ombe za malowolo zinali zoperewera, ndiye ndinati ndiwapangire mpando wa mlombwa kuti manja anga andilankhulire. Akaukana mpandowo, Tupokiwe ndamutaya.

Ndinautikita, ana inu, mpaka unasalala ngati tsaya la khanda. Amalume anga, amene anali thenga wathu pa nkhani ya ukwatiyo, anaunyamula pa njinga dzulo lake, ine n'kutsatira m'mawa. Koma amalumewo atauyang'ana anaona kuti kuwala kwa phula n'kofatsa, sikuthobwa m'maso, ndipo mwa chikondi chawo anatenga mawese, mafuta ofiira aja timaphikira kuno, n'kuupaka mpando wonse osandiuza. Mawese pathabwa sauma msanga, aliyense wopala matabwa amadziwa, koma amalume anali msodzi.

Ndikufika ndinapeza mpando uli pakati pa bwalo ukuchita kunyezimira, anthu akuuzungulira. Mphuno yanga inamva fungo la ndiwo, ndipo ndinadziwiratu kuti apaka mawese. Ndisanatsegule pakamwa, bambo aja anatuluka atavala buluku lawo loyera la kutchalitchi, losita bwino, n'kukhalapo. Anatsamira, nagwedeza mutu, nathokoza m'chilankhulo cha kwathu, "Ndaga, mpando ndi uwu." Atangoimirira, mayo ine! Kumbuyo konse kwa buluku kunali psuu!

Mwa manyazi, amalume anayamba kufufuza chinachake pansi. Paja amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo nyererezo zinali zitayambadi kukwera miyendo ya mpando. Amayi ake a Tupokiwe analephera kupirira, anathawira kuseri kwa nthochi, ndipo phwete lawo tinalimva tonse.

Bambo aja anadzipotokola, nayang'ana buluku, nayang'ana ine. "Iwe, ntchito yako ndi imeneyi?"

Ndinagwada. "Ayi, bambo. Ndipatseni botolo ndi phula, muone nokha."

"Uchitire pompano," iwo anatero, "ine ndikuona."

Aa, ndinagwira ntchito ngati ndagwidwa mizimu! Ndinathira phulusa kuti limwe mafuta, n'kupalanso mpando wonse, n'kuuyanika, n'kumabwera m'mawa uliwonse pa njinga yobwereka, ndipo bambo aja ankakhala pa chitsa n'kumandionerera. Tsiku lina ndinangoona atola tsamba la mkuyu, ayamba kukwecha mwendo wina wa mpando. Tupokiwe, amene ankasuzumira pa zenera, anagwira pakamwa. Ndipo mawese amene analowa m'kati mwa mlombwa anausiyira kufiira kokongola kumene sindinakuonenso pa mpando wina uliwonse.

Phula litagwira, bambo aja anatuluka atanyamula buluku lomwe lija, banga likadalipo, nakhula mpando ndi mwendo woyera wa bulukulo. Mwendowo unatuluka uli mbee! Anandiponyera bulukulo m'manja nati, "Tenga, mkamwini, uzikapukutira mipando. Ng'ombe zotsalazo zidzabwera pambuyo."

Mkamwini! Ndinapalasa njinga mpaka ku Mwenilondo ndikuimba, buluku lili m'khosi.

Ndiye ana anga, kuona maso a nkhono n'kudekha. Poperani vanishi wanuyo, sindikuletsani, koma musapereke mpando nsalu yoyera isanavomere. Ndipo mkazi wanga Tupokiwe akabwera ndi nthochi zophika masana ano, mufunseni amene anauza bambo ake kuti avale buluku loyera tsiku lija. Mpaka lero amati ankangofuna bambo akewo aoneke bwino pamaso pa mwamuna wake wam'tsogolo, ngati kuti mawese aja sanawaone dzulo lake.