Munthu wa pa Galasi la Pamwamba

Pa depoti ya Karonga, Ridwan, wogulitsa nsalu wochokera ku Mangochi, ankadikira minibasi. Anaonetsa mayi wina yemwe anakhala naye pabenchi chithunzi cha nyumba yosanja chomwe anajambula pafoni ku Dar es Salaam.

"Taonani, mayi! Nsanjika makumi atatu, magalasi okhaokha, kumwambaku yapindika ngati nyanga ya ng'ombe. Wolemba pulaniyu ndi katswiri!"

"Njokongoladi, adada. Mwana wanga Clifford anamanga nawo. Magalasi apamwambawo anaika ndi iyeyo."

"Ndiyetu muzinyada! Akadali komweko?"

"Mwajambula liti chithunzichi?"

"Lachiwiri lapitali."

"Tachikulitsani pamwamba penipenipo, chakumanzere. Aliyense wondionetsa nyumbayi ndimamupempha zomwezi."

Ridwan anachikulitsa ndi zala ziwiri, ndipo kumwetulira kunamuthera.

"Pali munthu kunja kwa galasi, wavala malaya oyera. Koma chingwe sindikuchiona. Waponda pati ameneyu?"

"Ndi yemweyo. Anagwa kuchokera pamenepo zaka zinayi zapitazo, tinakamuika kumudzi kwathu ku Iponga."

"Mayi, musandiopseze."

"Sindikukuopsezani, adada. Pa zithunzi za anzanu amakhala atafulatira. Lero wayang'ana inu."