Batire Lopepuka

Pa msika wa ku Milange, bambo wina ankanyamula mabatire a sola limodzilimodzi, kumva kulemera kwake. Mayi wina anaima pambali.

"Lopepukali n'lachinyengo, mayi. Batire lenileni limalemera."

"Langa n'lopepuka chomwechi, bambo. Chaka chachitatu chino."

"Nanga moto ukhala pati?"

"Akuti muli ufa wosalala kwambiri, kanjere kake sikaoneka ndi maso. Moto umalowamo msanga, monga mchere wosinja ulowerera m'ndiwo."

"Ndagulitsa nandolo wa chaka chonse. Sindingagule zosaoneka. Nditenga lolemerali."

"Kwanu n'kuti?"

"Ku Majaua, pa njinga."

"Tengani, bambo. Amuna anganso ankalikonda lolemeralo, mpaka pa chitunda choyamba."