Sitinadutse Mudzi Osalonjera

Abusa, akulu ampingo, amayi ndi abambo nonse, moni m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo sindichedwa. Amene mukudikira misozi mundikhululukire, ine ndingonena zimene zinachitika.

Mwezi watha kunabwera mnzanga wa ku Blantyre, a Mangani. Tinaphunzira limodzi ku sekondale. Iwo amagwira ntchito mu ofesi yopanda ngakhale zenera, ndiye atafika pa Boma pano n'kuona mapiri a kumalire aja anati, "Achimwene, mapiri onsewa mumangowayang'ana? Tiyeni tikakwere." Tinapeza anzathu ena awiri: aphunzitsi a ku Magaleta, ndi a zaumoyo a ku Chifunga, amene kwawo ndi kumpoto. Amuna anayi, ulendo wopanda maliro, wopanda ukwati, wopanda chokagula. Kungoyenda basi.

Ine ndinati popanda wotitsogolera sindipita. A Mangani anaseka. "Phiri tikuliona ndi maso, tisochera bwanji?" Ndinawauza kuti kuseri kwa phirilo kuli nkhondo ya eni ake, ndipo malire sanalembedwe pansi ngati mzere wa bwalo la mpira. Tinakangana. Mumandidziwa, mtima wanga ndi wapachala. Ndinati ngati akufuna kukaponda bomba akaponde okha, ana anga akadali aang'ono. Anagonja.

Tinatenga a Zuze. Ena mumawadziwa, aja amapikula mbatatesi kumtunda n'kudzagulitsa pamsika. Munthu wolongolola, abale. Kuyambira pamsika mpaka pamwamba pa phiri pakamwa pawo sipanatsekeke.

Ntchito ankaidziwa, izo ndivomere. Anaika a zaumoyo patsogolo chifukwa ndi onenepa, kuti tonse tiziyendera mwendo wawo, wina asatsalire. Anatichotsa pa njira ina yotakasuka bwino n'kutilowetsa m'kanjira ka mbuzi, akuti yabwinoyo imakathera tsidya linalo. Madzi atatha m'mabotolo anatifikitsa pa kasupe amene ife tikanangomupitirira.

Koma anali ndi khalidwe limodzi limene linandiwawa. Sankadutsa mudzi. Nyumba zikhale zochepa bwanji, zikhale patali ndi njira, iwo ankapatuka basi. "Odi kuno! Ndili ndi alendo!" Tikhale pansi. Moni mmodzimmodzi. Kenako atitchule: awa ndi akalaliki a pa Boma, awa amaphunzitsa ana, awa ndi a jakisoni, awa achokera ku Blantyre kudzaona mapiri. Anthu aseke, afunse kuti phiri lili ndi chiyani choti munthu n'kuvutikira chonchi. Tinyamuke. Mudzi wina, chimodzimodzi.

Ndinawafunsa, "A Zuze, kodi tabwera kudzakwera phiri kapena kudzachita kalembera?"

Iwo anati, "Akalaliki, inu mutadutsa pakhomo panga osalankhula, chikwama kumsana, ine ndinganene kuti wadutsa ndani?" Atatero anapitiriza nkhani zawo za mbatatesi.

Pa mudzi womaliza tisanafike pamwamba tinapeza mayi wina akupeta tirigu. Anaona kamera pakhosi pa a Mangani n'kuti, "Chimenecho n'chojambulira, eti? Tadikirani." Analowa m'nyumba, anasintha chitenje, anamanga duku, anatulutsa mpando wa amuna awo n'kukhalapo mowongoka ngati ali m'khoti. A Mangani anajambula. Mayiwo anati, "Chithunzicho mupatsire a Zuze. Mukapanda kutumiza ndidzakulondolani ku Blantyre konko."

Pamwamba tinafika dzuwa litapendeka. Malo ndi okongola, sindikana. Mbali ino chigwa chili mbuu mpaka kutali, mbali inayo Mozambique. Tinakhala pansi n'kumasenda manachesi. A Mangani anazungulira kuseri kwa mwala waukulu, ife tinkaganiza kuti akukadzithandiza. A Zuze anali atanena kale kuti wina asapatuke yekha. Koma munthu wa kamera samva.

Kenako tinamva kukuwa. "Gwira! Gwira chigawenga!"

Titathamangira kumeneko tinapeza amuna a chipani, zibonga m'manja, atawagwetsa pansi a Mangani. Malaya ong'ambika, magazi pamlomo. Anawapeza akujambula kuloza kumalire. Anthu aja anali pa ntchito yawo yolondera, sindikuwadzudzula pano. Koma abale, dzina limene anawapatsa lija mukulidziwa. Munthu akakwera galimoto ya apolisi ndi dzina limenelo, akazi ake safunsa kuti abwera liti. Ndipo sakanakwera okha. Tonse tinali ndi zikwama, komanso a zaumoyo akangotsegula pakamwa zimadziwika kuti si akuno.

Tinatulutsa makadi athu a chipani. A tcheyamani awo anangowayang'ana n'kuti, "Kadi aliyense amagula. Mukudzatani kuno?"

Aphunzitsi anati, "Tikungoyenda, bambo."

"Kungoyenda? Amuna akuluakulu, a mabanja awo, kungoyenda?"

Atatero, wina anawapondanso a Mangani m'nthiti.

Apo magazi anandikwera kumutu. Ndinatola mwala. Ndinautoladi, abusa, ndipo mutu woti ndiugende ndinali nditausankha kale. Ndikanaponya, sindikanaima pano. Mumtima ndinangoti, "Yesu." Pemphero langa lonse linali lomwelo. Pomwepo ndinamva dzanja litagwira lamba wanga kumbuyo, kundikokera pansi mpaka ndinakhala pa fumbi. Anali a Zuze. Iwonso anakhala pansi, miyendo tambalale, n'kuomba m'manja.

"A tcheyamani, mwaswera bwanji? Ana ali bwanji? Mbatatesi ija munakumba?"

Munthu akukupatsa moni atakhala pansi, kumuyankha ndi chibonga n'kovuta. Anayankha monyinyirika, koma anayankha. A Zuze anati, "Awa ndi alendo anga. Ndawatenga pa Boma m'mawa, ndipo palibe khomo limene tadutsa osalonjera. Musakhulupirire ine, ine ndine wamalonda. Tiyeni titsike mukafunse nokha. Tiyambire kwanu."

Tinatsika, a Mangani atamangidwa manja ndi luzi. Kwawo kwa a tcheyamani kunali pa mudzi womaliza uja, ndipo mayi opeta tirigu aja ndiwo akazi awo. Atationa anaponya lichero pansi.

"Bambo a Esinati, mwapenga? Awa si aja andijambula? Akhala pa mkeka wanu, amwa madzi m'chikho chanu. Chigawenga chimaodira pakhomo? Chimabwera ndi a Zuze, oti akadziwa kanthu msika wonse wadziwa?"

Anthu anasonkhana. Bambo wina wa mudzi wa kumunsi, amene anabwera kudzabwereka nkhwangwa, anatiloza mmodzimmodzi n'kutchula ntchito zathu osaphonya. Mayi wina anati, "Onenepawa ndi a jakisoni, apempha madzi kawiri kwathu." Kenako a tcheyamani anamasula luzi lija. Koma poti anyamata awo anali pomwepo, anatsegula kamera n'kusolola filimu yonse padzuwa. Akazi awo anakuwa kuposa mmene anakuwira a Mangani pomenyedwa. Mmene timachoka, mlandu unali utasanduka wa m'banja, ndipo a Zuze anati tifulumire asanatiitane kuti tikhale mboni.

A Mangani anabwerera ku Blantyre ndi nthiti yowawa, opanda chithunzi ngakhale chimodzi. Ali kunyumba kwawo, akudya ndi ana awo. A zaumoyo ali pa ntchito. Aphunzitsi ali m'kalasi. Ine ndili pano.

Achinyamata, ndamva kuti mukukonza ulendo wa kumapiri komweko pa holide. Pitani, malo ndi abwino, ndipo kuyenda ndi anzako kumakoma. Koma tengani munthu wa komweko, amene anthu amamudziwa iye ndi makolo ake omwe. Adzakuchedwetsani, adzakutopetsani ndi nkhani. Pirirani. Akati musapatuke, musapatuke. Akati khalani pansi, khalani.

Ndikuthokoza Mulungu. A Zuze si a mpingo wathu, ndipo sindikudziwa ngati ali ndi mpingo, koma Ambuye sanafunse zimenezo powatuma. Ine kuimba sinditha, kuvina ndiye ayi. Inu amene mumatha, imirirani mundithandize kukondwera. Amayi, nthungululu imveke mpaka panja. Akazi anayi akadali ndi amuna awo. Amen.