Wapinda ndi Mwana Wanga

Basi inachedwa. Pa siteji, mayi wina wa imvi ankapinda ambulera yake pang'onopang'ono, maso ali kumitambo, mpaka bambo amene anakhala naye pa benchi analephera kupirira.

"Mayi, ambulerayo mukuipinda ngati mukugoneka khanda."

"Manja anazolowera, bambo. Ndimapinda maparachuti ku bwalo la ndege, nsalu zija anthu amatsikira akadumpha m'ndege. Zaka makumi awiri tsopano."

"Nanga kumwambako kumakhala bwanji?"

"Ndimangomva kwa anzanga. Akuti nsalu ikangotseguka kumangoti zii, minda imaoneka ngati zigamba, mtambo n'kumakunyowetsa masaya. Ine ndimangouluka kutulo. Koma mawa ndi tsiku langa, ndidumpha koyamba atandimangirira kwa mphunzitsi wa zodumpha."

"Ndiye yanuyo mwaipinda nokha bwinobwino!"

"Ayi, wapinda ndi mwana wanga wamkazi, ndinamuphunzitsa ndine. Ali wamng'ono, bulangete ankangoliunjika pakona."

"Aa! Bwanji osaitsegula muone ngati zingwe zagona bwino?"

"Manja akundiyabwa chiyambire m'mawa, bambo. Koma ana a eni ake akhala akudumpha ndi zopinda iyeyo, ine n'kumawauza kuti asaope. Ndiye ndiyambe kuopa lero, poti wodumpha ndine?"