Mayi Pondani ndi Ana Khumi ndi Mmodzi Amene Anakana Kuwafufuta

Amene tikuwaperekeza lero ndi Mayi Pondani. Dzina la pachiphaso lilipo, koma ili anawapatsa ndi odwala, chifukwa tsiku lonse ankangowauza kuti aponde, pansi sipaluma. Anabadwa m'chaka cha 1961, achitatu m'banja la ana asanu, m'nyumba za antchito kuseri kwa fakitale ya sopo.

Atamaliza sekondale anaphunzira udokotala wothandiza opuwala ndi ovulala kuti ayambenso kuyenda. Mu 1988 anakwatiwa ndi bambo owotcherera zitsulo akhala patsogolowa. Kutchalitchi anali a kwaya zaka makumi atatu. Tinene zoona, mawu oimbira analibe, koma sanajombepo.

Ine ndinagwira nawo ntchito m'chipinda chimodzi, chija chili ndi mipiringidzo iwiri yogwirira pophunzira kuyenda ndi galasi long'aluka pakona. Kuyunivesite kwathu munthu amakwezedwa powerenga mapepala a kafukufuku amene wasindikiza, ndiponso kuchuluka kwa anzake omutchula m'mapepala awo. Malemu anatsala ndi pepala limodzi lokha kuti akhale pulofesa. Linali lokhudza chitsulo chowongola mwendo wa mwana, chimene anachiganiza okha, amuna awo nkuchiwotcherera pakhonde.

Anachiyesa zaka zisanu pa ana makumi anayi. Atawerengera bwino, anapeza kuti ana khumi ndi mmodzi chinawatupitsa mawondo, ndipo otsalawo sichinawathandize kwenikweni. Ndiulule pamaso panu, abale: ndine amene ndinawanyengerera kuti awafufute anawo pamndandanda, pepala lioneke bwino. Anandiyang'ana ngati andigwira ndi nkhuku ya eni, nkundiuza kuti ndiyambe ndapita kwa amayi a anawo, mmodzimmodzi, ndikawauze kuti ana awo sawerengedwa. Manyazi a tsiku limenelo sanandichokebe.

Analemba zimene anapeza, kuti chitsulo chawo nchosathandiza. Magazini akuluakulu a zaumoyo anakana pepalalo. Kamagazini kena kanalilandira nthawi yokweza anthu itadutsa, ndipo komiti inawadumpha. Amuna awo sanadandaule ngakhale pang'ono. Anadula zitsulo zonsezo nkupangira wodi ya ana chogwirira cha pamasitepe. Zipatala zinayi zimene zinali zitayamba kale kutengera chitsulocho zinachisiya zitawerenga pepala lija. Ndi ana angati anapulumuka mawondo, palibe komiti inawerengapo.

Anapuma pantchito mu 2021 opanda upulofesa. Matenda a shuga anawavutitsa zaka zitatu, kenako impso zinafooka, ndipo anatisiya Lachiwiri masana, mwana wawo wamkazi atawagwira dzanja.

Mpando wa upulofesa umene anawamana uja anandipatsa ine. Ndili ndi mapepala makumi anayi ndi awiri, koma palibe ndi limodzi lomwe limene linavula mwana chitsulo chomupweteka. Ophunzira athu akandifunsa kuti dokotala wamkulu m'dipatimenti yathu anali ndani, sindichita chibwibwi. Ndi awa agona apawa, ndipo ndikunyadira kuti anandidzudzulapo.

Asiya amuna awo, ana atatu, zidzukulu zisanu, mchemwali mmodzi ndi alongo awiri. Ana khumi ndi mmodzi aja ndi akuluakulu tsopano, ndipo asanu ndi awiri mwa iwo ali pakati pathu pano. Apempha kuti anyamule nawo bokosi, ndipo banja lavomera.

Mayi athu apumule mu mtendere.