Ndinkanamizira Kachilombo, Chonsecho Anali Matenda a Kumtundu

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Nkhani yangayi amuna ambiri amapita nayo kumanda osaiulula, koma zimene ndaona ine sizondilola kukhala chete.

Ndine kalipentala wa ku Bangwe. Ine ndi akazi anga, mayi a Tadala, anatipeza ndi kachilombo ka HIV nthawi imene ma ARV anali atangoyamba kuperekedwa ulere, ndipo tinkamwa limodzi. Patapita zaka, mphamvu za kuchipinda zinandithera. Anzanga kushedi komwe timapalira matabwa ankati kachilombo ndi mankhwala akewo ndi zimene zimagwetsa mwamuna mu mpapaya, ine n'kukhulupirira. Ndinasiya mankhwala mobisa n'kumatafuna gondolosi. Palibe chinasintha. Ndinangoonda, ludzu losatha, ngakhale thabwa limodzi linkandilemera.

Mayi a Tadala anaganiza kuti ndapeza mkazi wina, ndiye anaitanitsa ankhoswe. M'mawa wa tsiku lokumana ndi ankhoswewo ndinagwada m'tchalitchi. Ndinati, Ambuye, pakamwa panga sipatseguka, ndiyankhulireni ndinu.

Nkhoswe yanga anali achimwene anga aakulu, amene anachokera ku Chikwawa. Tisanakhale pansi anandiyang'anitsitsa, kenako anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Iwe, usandibisire. Ukumakodza pafupipafupi? Nanga kuchipinda zatha?"

Ndinangogwetsa misozi.

"Inenso zinandichitikira, chonsecho kachilombo ndilibe. Ndi shuga ameneyo. Ndi amenenso anatenga bambo athu."

Abale anga, tamvani izi. Munthu amene sindinamuuzepo kanthu anatchula chinsinsi changa chonse, asanamwe n'komwe madzi a ulendo!

Mawa lake tinapita kuchipatala tonse atatu, ine, achimwene ndi akazi anga. Adokotala anati zoti kachilombo pakokha kamayambitsa vuto la kuchipindali kapena ayi, akatswiri akufufuzabe, mpaka kuunika zimene munthu amatengera kwa makolo. Koma ine shuga anali atakwera moopsa, nkhawa n'kumawonjezera, ndipo kusiya ma ARV kukanandipha. Akazi anga analira. "Bambo a Tadala, bwanji osangondiuza?"

Ndinayambiranso mankhwala, pamodzi ndi a shuga. Sizinachitike tsiku limodzi ayi, koma patatha miyezi thupi linabwerera, m'nyumba mwathu munabwereranso kuseka.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera pakamwa pa m'bale wanga. Amuna anzanga, musasiye mankhwala chifukwa cha nkhani za kushedi. Pempherani, uzani akazi anu, kenako mukayezetse. Manyazi anatsala pang'ono kusiya ana anga amasiye.